Chaka Chimene Ndinasiya Chipani cha Bambo

Bambo anga anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, kumtunda kwa Tsangano, kuyambira ndili mtsikana. Anali ndi malaya amodzi a chipanicho, amene ankachapa okha, ndi njinga yoyendera midzi pomema anthu ku misonkhano. Chipani chawo chitaluza, anzawo ambiri anathawa, iwo osasuntha. Ine ndinakulira momwemo. Amayi atamwalira ndine ndinkatsogolera nyimbo za amayi a chipani, ndipo banja langa litatha ndinabwerera kukakhala pafupi ndi bambo, tikulima dimba limodzi.

Nkhani inatipeza tikukumba kachewere. Wailesi imene tinaikhazika pamzera inalengeza kuti mtsogoleri wa chipani china wasankha munthu wa kwathu kuno ku Ntcheu kuti ayime naye ngati wachiwiri wake. Kudimba la anansi athu kunamveka nthungululu.

"Mwamva, bambo?" ndinafunsa.

"Ndamva. Tola kachewereyo, asapse ndi dzuwa."

Sabata isanathe mudzi unatembenuka. Kuchigayo, kumjigo, ngakhale potuluka m'tchalitchi, mawu anali amodzi: ndi wathu. Anthu ankati munthu wobadwira kuno sangaiwale msewu wathu, umene mvula ikagwa malole safika, kachewere n'kuwolera m'matumba. Inenso maganizowo anandilowa, koma ndinkabisa.

Tsiku limene munthu wathuyo anabwera kudzachititsa msonkhano pa Tsangano ndinanamiza bambo kuti ndikukagula mchere. Anthu anali fumbi lokhalokha, ena atakwera m'mitengo. Munthuyo anayankhula Chichewa chathu chenicheni, natchula midzi yathu mmodzimmodzi osaphonya. Atanena za kachewere wowola ndinangopezeka ndikulira. Mayi wina anandipatsa nsalu ya chipanicho, ndipo ndinaivala pomwepo pamwamba pa chitenje changa. Ndinayiwala kuivula.

Ndinapeza bambo akumata tayala la njinga pabwalo.

"Chimene wavalacho n'chiyani?"

"Bambo, munthuyu ndi wathu."

"Akukudziwa? Wachiwiri ndi wachiwiri, mwana wanga. Amutenga kuti akolole mavoti athu. Akakolola amusiya pakhonde."

Mtima unandipsa. "Nanga inu, zaka zonsezi mukupalasa njinga, chipani chanu chinakuchitirani chiyani? Amayi atamwalira, wamkulu wake uti anabwera kudzakhuza?"

Bambo anatola zitsulo zawo n'kulowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo ankadziphikira okha, ndipo kudimba aliyense ankayambira mbali yake.

Amayi onse oyimba ananditsatira, popeza nyimbo ndinkayambitsa ndine. Tsiku lina tikuchokera kokaphunzira nyimbo zatsopano, tinadutsa pamtengo pamene bambo ankachititsira misonkhano. Anali atayitana mudzi wonse, koma panali madoda atatu okha, mmodzi akuwodzera. Bambo anali chiimire, atavala malaya awo aja, akuyankhula ngati pali khamu. Anzanga anakweza mawu mwadala. Ine sindinawaletse.

Tsiku lovota tinaima pamzere umodzi osapatsana moni. Mbali yathu inapambana. Tinavina mpaka mawu kusasa.

Chaka choyamba tinkati tidikire, boma si ntchito ya tsiku limodzi. Kenako wailesi inayamba kunena kuti akuluakulu awiri aja sakumwerana madzi. Munthu wathu anasiya kumveka. Ena ankati amumanga manja, ena ankati wakhuta, ine sindikudziwa mpaka lero. Chimene ndinaona ndi maso n'chakuti mvula itabwera matumba athu anakhala m'mbali mwa msewu masiku ambiri, mpaka anayamba kuchucha madzi onunkha. Tinakawakhuthula ine ndi bambo. Ndinkayembekezera kuti anena kuti ndinakuuza. Sananene. Akananena mwina tikanakangana, nkhani n'kutha, koma iwo anangopinda matumbawo bwinobwino n'kuwamanga panjinga.

Ndinkati ndiwapepesa tikakolola. Tikakolola ndinkati ndidikire Khirisimasi. M'mawa wina wa mwezi wa mvula sanadzuke kukatsegulira mbuzi. Ndinawapeza pansi, pakamwa patapotoka, dzanja limodzi litafa. Galimoto inakana kulowa kwathu chifukwa cha matope, choncho tinawanyamula pangolo. Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka.

Anakhala miyezi inayi osayankhula. Ndinkawasambitsa, kuwamwetsa phala. Ndinawauza kangapo kuti, "Bambo, ndinalakwa, mundikhululukire." Ankangondiyang'ana. Sindidziwa ngati ankamva.

Anamwalira chisankho china chikuyandikira, n'chifukwa chake pamaliro panafika galimoto ya chipani chawo. Anthu amene sitinawaonepo anaphimba bokosi ndi mbendera. Mkulu wawo asanaimirire kuti ayankhule anandiyandikira n'kunong'ona: "Pepani mayi, malemuwa dzina lawo ndani?" Ndinamuuza, analilemba pachikhatho, ndipo anayankhula nthawi yaitali za chitukuko.

Patapita milungu ingapo anzanga anabwera kudzandiuza kuti kwasankhidwanso wachiwiri wina wabwino kwambiri, ndikawayambitsire nyimbo. Ndinawauza kuti pakhosi pakundiwawa. Chaka chimenecho sindinakalembetse n'komwe. Pa tsiku lovota ndinapita kudimba kukapalira, ndekha, mbali zonse ziwiri.