Dzungu la pa Dzala la Delfina

Ku Namacula, mwana aliyense wa sukulu ankawadziwa Dona Teodora. Masika akafika, ankakhala pachipata cha sukulu ndi beseni la maungu ophika, mbatata ndi magwafa. Dzungu lawo linali laufa, lonona ngati dzira. Ankayala masamba pansi pa mphika, madzi pang'ono chabe, kuti lipse ndi nthunzi. Mwana wopanda kanthu m'thumba sankachoka chimanjamanja, ankamupatsa nthanga zokazinga. Kuyambira m'masiku a ufulu, dzina lawo linali Amayi Maungu, ndipo ankalinyadira koposa la ubatizo.

Nkhondo itakula, munda wawo wa kutali ndi tauni unasanduka tchire. Palibe amene ankayerekeza kupitako. Anayesa kubzala pakhomo, koma nthaka yake inali yosukuluka, maungu ankangoyoyoka ali aang'ono.

Kuseri kwa mpanda kunabwera Delfina, mayi wothawa nkhondo kumudzi, atanyamula mphika umodzi ndi nthanga zomangira kunsonga ya chitenje. Anazikwirira padzala, paja amatayapo phulusa. Pofika Malichi dzala lonse linali bii ndi nkhwani, maungu ali mbwee ngati mitu ya ana pa mzere.

Teodora mtima unawawa. Anamva ana ena akunena kuti Amayi Maungu enieni tsopano ndi a kuseriko. Koma chachikulu chinali china. Mwana wawo Justino, amene anatengedwa usilikali, anatumiza uthenga kuti abwera kudzapuma masiku ochepa, ndipo akulota dzungu la amayi ake. Nanga akadzalidyere kwa mlendo?

Ku Namacula aliyense amadziwa kuti dzungu laling'ono saloza ndi chala, limafota. Choncho m'mawa uliwonse Teodora ankaima pampanda ngati akuyanika nsalu, n'kuloza dzungu la Delfina limene linkakula kuposa onse. Ankaliloza molimbika, mpaka mkono kuwawa. Dzungulo linkangonenepa.

"Chikuvuta n'chiyani, mkazanga? Mkono wauma?" anafunsa amuna awo, a Casimiro.

"Ndikuona kumene kukuchokera mvula."

"Mvula yake yochokera padzala?"

Tsiku limene Justino ankayembekezeka, m'nyumba munali kabichi yekha. Teodora anali atakhala pakhonde, manja ali m'masaya, pamene anamva odi. Anali Delfina, dzungu lija lili pamutu, m'manja muli nkhwani ndi maluwa ake.

"Achemwali, landirani katundu wanu."

"Wanga? Ine ndinabzala kwanu liti?"

"Si ili mwakhala mukuliloza m'mawa uliwonse? Ndinati mtima wa anzangawa wagwera pomwepa, ndisalidule. Ana anga alilirira, ndakana."

Teodora anamuyang'ana m'maso kuti aone ngati akuwaseka. Nkhope ya Delfina inali phee, koma pakona pa mlomo pankanjenjemera.

"Mwina m'kati ndi lamadzi," anatero Teodora akulilandira. "Maungu a padzala amanamiza."

"Mukatiuze mukadya, achemwali."

Silinali lamadzi. Mpeni unalowa movutikira, m'kati muli psuu. Analiphika mwa njira yawo ija, nkhwani n'kutendera ndi nsinjiro, maluwa n'kuponya pomaliza. Justino anafika ataonda, khosi ngati la nkhuku. Anadya mpaka mbale kuyera, kenako anapukuta pakamwa.

"Amayi, dzanja lanu silinasinthe. Munda mukupitabe?"

A Casimiro anatsokomola. Teodora anawayang'ana kamodzi, chifuwa chinatha pomwepo.

"Idya, mwanawe. Dzungu ndi mphika wake."

Nthanga sanakazinge. Anazitsuka, kuziyanika padenga pomwe Delfina sakanaziona, ndipo kuyambira tsikulo phulusa lonse la m'nyumba linkathiridwa pamalo amodzi kuseri kwa khitchini. Chaka chotsatira maungu a nyumba ziwirizo anayanga mpaka kukumana pampanda n'kupiringizana. Teodora ankawerengabe ndi maso kuti ambiri ali mbali iti, koma manja ankawabisa m'chitenje.