Tsiku limene ndinawakhazika amalume pampando wa nthabwala

Inu owerenga, ine si munthu wokometsa mawu, ndiye ndingonena mwachindunji. Ndinawavula amalume anga pagulu, ndipo ndinachita zimenezo ndikumwetulira, ndikudziona ngati katswiri wa nthabwala. Musandimvere chisoni, sichingandibwezere kanthu. Ndikulemba chifukwa ndikudziwa kuti alipo achinyamata ena kunja kuno amene akutengera za pa kanema asakumva n'komwe zimene zikunenedwazo.

Ku Canada kuno anandiitana ndi amalume kuti ndidzaphunzire. Ndinkakhala kwawo ku North York, mumzinda wa Toronto, m'nyumba zosanjikizana zija, yunivesite ili pafupi. Chaka chachiwiri ndinalephera mayeso, ndinabwereza, ndinalepheranso, kenako ndinangosiya. Amalume sanandithamangitse, koma pakamwa pawo sipankatseka. Alendo akabwera ankandiloza n'kunena kuti uyu ndi uja anakwera ndege kudzatsuka mbale. Alendowo ankaseka pang'ono.

Mbalezo ndinkatsukadi, pa lesitilanti ya Matchaina. Masana makasitomala akachepa, antchito tinkadyera limodzi kukhitchini, ndipo wophika wamkulu, bambo Liu, ankaika kaseti ya vidiyo imene ankabwereka kusitolo ya anthu akwawo. Inali pulogalamu yotchuka ya pa wailesi ya kanema, ya m'Chimandarini, chiyankhulo cha kwawo ku China. Mwamuna wina wa jekete yonyezimira ankaitana oimba ndi ochita zisudzo, n'kuwakhazika pa sofa, kenako n'kuyamba kuwanena. Ankawaloza mphuno, kuyerekezera mayendedwe awo, kutulutsa zithunzi zawo zakale. Munthu wamkulu, woti kwawo amamugwadira, ankabisa nkhope m'manja, oonerera akugwa ndi phwete. Ine sindinkamva liwu ndi limodzi lomwe. Chimene ndinkaona n'chakuti wamkulu akunyozedwa, wonyozayo n'kumaomberedwa m'manja. Kwa munthu wa mtima wowawa ngati wanga, zimenezo zinkakoma kuposa chakudyacho.

Tsopano ndikuuzeni za amalume. Kwathu ku Malawi anali dokotala weniweni, ndipo kuno Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ankawatchula kuti a Dokotala. Tikasonkhana ankakhala kutsogolo, ndiwo ankatsegula ndi pemphero, azimayi ankawafunsa za kuthamanga kwa magazi. M'mawa uliwonse ankamanga tayi n'kupita ku Hamilton, ulendo wautali wa basi ndi sitima. Ndinkadabwa kuti bwanji osapeza ntchito pafupi, zipatala zili mbwee mu Toronto.

Tsiku lina anaiwala mankhwala awo a shuga. Akazi awo anandituma, n'kundiuza kuti ndikangowasiya polandirira alendo, ndisakalowe m'kati. Ine ndinalowa. Ndinawaona patali, tayi atavula, atavala yunifolomu ya antchito wamba, akukankha bedi la wodwala, namwino wachitsikana akuwalozera kolowera. Mapepala awo a udokotala anali asanavomerezedwe m'dziko lino. Iwo sanandione. Ndinasiya mankhwalawo polandirira alendo n'kubwerera osauza aliyense, koma musandiyese wachifundo. Ndinkangosunga mwala wodzagenda nawo.

Pa Khirisimasi banja lina la ku Zambia linatiitana kwawo ku Oakville. Tinadzaza chipinda chapansi, majekete ataunjikana pamasitepe, ana akuthamanga n'kumayankha makolo awo m'Chingerezi. Titadya, mayi a panyumbapo anati popeza ndine wapakamwa, ndisangalatse anthu. Ndinaika mipando iwiri pakati, n'kutola chipande kuti chikhale chokuzira mawu, ndendende mwamuna wa jekete yonyezimira uja.

Woyamba ndinaitana msuweni wanga Tadala, mwana wamkazi wa amalumewo, amene anali ku sekondale. Ndinamunena za Chichewa chake chokhotakhota ndi za mnyamata amene ankangodula foni akamva mawu a bambo ake. Anthu anafa ndi kuseka, naye anandibwezera kuti manja anga ayera ndi sopo wa mbale. Pachisuweni zimenezo n'zololedwa. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi ndikukumbukiridwa bwino.

Koma ndinaitana a Dokotala. Anabwera akuseka, akukonza tayi yawo, n'kukhala pampando.

"A Dokotala, tatiuzani," ndinatero, "odwala anu aja mumawachiza, kapena mumangowayendetsa?"

Ndinawerama n'kuyamba kukankha bedi la m'malere kuzungulira chipinda, pakamwa ndikuliza matayala. Ndinadikira phwete. Silinabwere. Wina anatsitsa nyimbo. Bambo a panyumbapo anandigwira paphewa n'kunena motsitsa mawu, m'Chinyanja cha kwawo, "Manje zakwana, mufana. Nkhala pansi."

Tadala anaimirira. Anafunsa bambo ake m'Chingerezi ngati zimenezo zinali zoona. Iwo anavomera ndi mutu, n'kunyamuka kukafuna jekete yawo pamulu paja.

Pamasitepe anandiimitsa mayi wina wachikulire wa ku Dedza. "Iwe, ukuyesa watiuza zachilendo? Tonse tinadziwa kalekale. Timawatchula a Dokotala chifukwa ndi dokotala. Nanga pano ndani akugwira ntchito imene anaphunzira?"

Apo m'pamene ndinamvetsa. Gulu lonselo linkawasungira amalume ulemu mwadala, ngati mmene anthu amafunditsira mnzawo nsalu yake ikamasuka pamsika. Amene sankadziwa m'chipinda monsemo anali mmodzi yekha, Tadala, amene kusukulu ankauza anzake monyadira za ntchito ya bambo ake. Mwala wanga uja unagwera iyeyo.

Kunyumba sikunamveke phokoso. Amalume sanandikalipire, sanandiuze kuti ndichoke, ndipo za mbale zija sanazitchulenso. Anangosiya kupita kokumana ndi anthu akwathu. M'mawa anayamba kutuluka opanda tayi. Tadala anakhala nthawi yaitali akudyera kuchipinda kwake, osayang'ana bambo ake kumaso, ndipo ine mpaka lero sandiyankhula. Bata limenelo linandikanika, ndinasamuka ndekha.

Kuntchito ndinawafotokozera bambo Liu, mokwiya, ngati kuti pulogalamu yawo ndiyo inandilakwira. Anandimvetsera akudula anyezi. Kenako anapukuta m'manja, n'kubweza kaseti mpaka poyambirira, gawo limene ine sindinkaliona chifukwa nthawi imeneyo ndinkakhala ndikanali pa mapoto. Mwamuna wa jekete uja anali yekha, akudzimenya pamutu, oonerera akuseka. M'Chingerezi chawo chodukaduka anandimasulira: akudziseka kufupika, akudziseka kuti sukulu inamukana, akudziseka kuti mkazi wake amamuopseza. Anatinso alendo aja amabwera mwa kufuna kwawo kudzatsatsa nyimbo ndi zisudzo zawo, ndipo amagwirizana kaye kuseri zimene zinganenedwe ndi zimene sizingakhudzidwe.

"Amalume ako anavomera?" anandifunsa. Ndinati ayi. "Nanga iwe, unayamba wadziseka wekha?"

Zodziseka ndinali nazo zambiri. Munthu wolephera kawiri, wokwera ndege kudzatsuka mbale, ndikanaseketsa chipinda chonsecho popanda kukhudza wina aliyense.

Ndinapita kukapepesa. Amalume anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti zamveka, kenako anafunsa ngati ndadya. Ndikapitako amanditsegulira chitseko bwinobwino, monga amachitira ndi mlendo aliyense. Kale ankandinyoza chifukwa ankayembekezerabe kuti ndibwerera kusukulu. Panopa sandinyoza.

Sindikunena kuti iwo sankalakwa pondiloza pamaso pa alendo. Ankalakwa, ndipo zimandiwawabe. Koma zimenezo ndikanawauza awiriwiri, chitseko chili chotseka.

Ndiye inu owerenga, makamaka inu anzanga a mitima yowawa, imvani. Chinthu chimene mwangochionera pakati, m'chiyankhulo chimene simuchimva, musachitengere kwa anthu anu. Mukaona akuluakulu onse ali chete pa nkhani ina, musadziyese ochenjera kuti mwaitulukira nokha, yambani mwafunsa kuti akutchingira ndani. Ndipo ngati mukufunitsitsa kuseketsa anthu, mpando uja ulipo. Khalanipo nokha.