Mizere ya Phulusa pa Bwalo la ku Chawama

Mizere ya pabwalo lathu la mpira ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, ndinkalemba ndine. Palibe anandisankha pamsonkhano. Loweruka loyamba nditafika kuchokera kumudzi, ndili ndi zaka makumi awiri, ndinapeza anyamata akuthira phulusa mokhotakhota ngati njira ya mbewa. Ndinanena motsitsa mawu kuti kusukulu kwathu aphunzitsi ankatiyambitsa ndi chingwe ndi zikhomo.

“Ba kumunzi bakamba!” anatero wina. “Bapatseni saka, batilangize.”

Anaseka onse, koma mzere wanga unatuluka woongoka, ndipo kuyambira tsiku limenelo saka la phulusa linakhala langa. Patapita milungu ingapo anandilolanso kusewera kumbuyo, mbali ya kumanzere, chifukwa sindinkatukwana woimbira mpira ndipo sindinkatopa msanga.

Phulusalo ndinkalitola Lachisanu, nyumba ndi nyumba, la m'mbaula za amayi. Ndinkachita monga ndinaleredwera. Ndikafika pakhomo ndinkati odi, kuvula chipewa, kunjuta pansi, kuomba m'manja, kufunsa za ana ndi za odwala, kenako n'kutchula chimene ndadzera. Poyamba ankandiseka. Pambuyo pake anayamba kundisungira phulusa m'zitini. Mayi wina wokazinga zitumbuwa pakona ya bwalo ankachita kulisefa, kuti makala asalowemo.

“Uyu mwana ali na ulemu,” ankauza anzake ine ndikumva, “osati vigawenga vathu ivi.”

Ndinkabwerera kunyumba mtima uli mbee. Kumudzi ndinali munthu wosaoneka, ndipo kuno ndinapeza kuti ulemu wanga ndi chinthu chimene anthu amachiyamikira.

Zinali zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa. Amalume, amene ndinkakhala kwawo, anabwera tsiku lina masana atapinda ovolosi yawo m'khwapa, ndipo sanapitenso kuntchito. Kampani ikafa, timu yake inkafanso. Anyamata amene kale tinkangowamva pawailesi anayamba kutulukira pabwalo lathu la fumbi atavala nsapato zenizeni za mpira, alibe kwina kopita. Timu yathu ya m'komboni inalimba mwadzidzidzi. Tinkagonjetsa a m'makomboni ena, a ku Kanyama, a ku George, ngakhale a ku Matero amene ankadzitama kwambiri.

Ndiye wailesi inalengeza kuti akuluakulu a ligi akufuna kuwonjezera matimu, kuti mpira ufike kumene sunkafika. Sanatchule malo. Nkhani imeneyi inatidyera miyezi. Tinkakangana pakhonde la atelala, bambo wachikulire wachisilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi. Shopu yawo inayang'anizana ndi bwalo, ndipo ndiwo ankatisokera mayunifomu akang'ambika. Wailesi yawo inkakhala pamwamba pa makina osokera.

“Livingstone izalowa. Kuli mahotela, kuli bazungu.”

“Bazungu bamenya bola, iwe? Kabwe ndiye bazaganizira.”

“Kabwe mugodi unafa. Bazamenyera na njala?”

“Nanga Mongu?”

“Mu muchenga muja? Bola siingayende, bazachita kunyamula pamutu.”

Wina ankanditembenukira ine. “Ba kumunzi, kapena ni Chipata kwanu? Timu izayenda pa njinga kukamenya ku Ndola, na pa geti muzagulitsa mbewa.”

Ndinkaseka nawo, ndikuyang'ana pansi. Atelala sankalowerera. Ankangopalasa makina awo, nthawi zina n'kunena kuti, “Tsitsani mawu, ana inu, ndikufuna kumva za maliro.”

Amene anasintha nkhaniyo ndi atcheya a timu yathu. Anali munthu wa maminibasi awiri ndi malo omwera mowa, wodziwana ndi anthu a ndale, wa mawu okoma. Anafika pakhondepo masana ena n'kutimvetsera kanthawi.

“Imwe mukamba va matauni ya bena,” anatero. “Nanga ife? Chawama ni tauni payeka. Bantu tili nabo, timu tili nayo. Chasala ni vibili chabe: chipupa na mapepala. Ba ligi sibafuna giraundi yamene mbuzi zipitamo.”

Anafotokoza kuti bwalo liyenera kukhala ndi mpanda kuti anthu azilowera pageti, ndiponso liyenera kukhala ndi mwini wolembedwa. Bwalo lathu linalibe mwini. Linalipo komboni isanadzaze. Ana ankaseweramo, mipingo inkachitiramo misonkhano, ndipo njira ya amayi yopita kumpopi inkadutsa pakati penipeni. Kuti ofesi ya malo m'tauni ipereke mapepala, pankafunika kalata yosonyeza kuti anthu ozungulira bwalo avomereza.

“Iwe,” anandiloza ine. “Ndiwe uziwika pa nyumba iliyonse. Bamayi bakukonda. Uzayenda na iyi pepala.”

Sindinaitanidwepo ndi munthu wamkulu chotere pamaso pa anzanga. Ndinalandira pepalalo ndi manja awiri.

Linali lotayipa, m'Chingerezi. Chingerezi changa ndi cha sukulu ya kumudzi, chochedwa koma chosadumpha mawu. Ndinakhala kuseri kwa nyumba ya amalume n'kuliwerenga katatu. Linkanena za mpira, za achinyamata, za chitukuko. Koma pamzere wonena za amene adzalembedwe kukhala mwini wa malowo panalibe dzina la timu. Panali dzina la atcheya, lonse lathunthu.

M'mawa mwake ndinawapeza pamene ankatsukitsa minibasi. Ndinanjuta, ndinapereka moni, ndinazungulira nkhani mpaka iwo anatopa.

“Kamba, mwana.”

“Pepani bambo, kapena ndi kusadziwa kwanga. Ndaona kuti dzina la timu palibe.”

Anaseka, n'kundigwira paphewa. “Wabelenga! Ba kumunzi babelenga, imwe. Mvela, timu si muntu. Siingasaine, siingayende ku ofesi. Pafunika zina ya muntu. Tikalowa mu ligi tizachinja. Olo uganiza ningabe giraundi? Niike mu thumba?”

Otsuka minibasi anaseka. Ine ndinachita manyazi ngati ndatukwana munthu wamkulu. Ndinapepesa kawiri.

Ndinayenda ndi pepalalo masabata awiri, pamodzi ndi kabokosi ka inki ka odinda chala. Ndinkachita zonse monga pa Lachisanu la phulusa: odi, chipewa, kunjuta, kuomba m'manja. Ambiri sanafunse n'komwe. Azakhali, akazi a amalume, anadinda akusenda anyezi. Mayi wa zitumbuwa anapukuta mafuta pachitenje, n'kundipatsa chala chake kuti ndichigwire ndine.

“Ni va bola?”

“Inde mayi, ndi za mpira.”

“Ngati ni iwe wabwelesa, vili bwino.”

Atelala okha ndiwo anaimitsa makina. Anavala magalasi, anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, koma Chingerezi sankachidziwa bwino. Anandiyang'ana ine.

“Mwana wanga, iwe unapita kusukulu. Wawerenga?”

“Ndawerenga, bambo.”

“Lonse?”

“Lonse.”

“Bwaloli likhala la ndani?”

Ndikukumbukira kuti panja pankadutsa munthu wogulitsa makala, akukuwa. Ndikanatha kunena zimene ndinaona pamzere uja, n'kuwasiya aganize okha. Koma ndinaganiza za atcheya akumva kuti ndikuwakayikira m'makonde a anthu. Ndinaganizanso za nkhope ya atelala ikugwa, chifukwa cha ine. Sindinkafuna kukhumudwitsa aliyense wa iwo.

“Likhala la timu, bambo.”

Anasaina pang'onopang'ono, ndi zilembo zopendekera. Lachisanu lotsatira, atatuluka kumzikiti, anabwera ndi anzawo asanu ndi mmodzi, amisiri ndi ogulitsa pamsika, n'kuwauza kuti, “Mwanayu wawerenga.” Onse anasaina osafunsa.

Chipupa tinamanga tokha. Atcheya anabweretsa simenti, ife tinapereka manja. Amuna ochotsedwa ntchito, amene ankangokhala pamithunzi kuyambira m'mawa, anaumba mabuloko. Amayi ankatunga madzi. Amalume anavalanso ovolosi ija, ndipo ndinawamva akuimba mluzu koyamba chichotsedwere ntchito. Iwo ndiwo ankayang'anira kuti chipupa chisapendame. Chitafika m'chiuno, njira ya kumpopi inatsekeka, ndipo amayi anayamba kuzungulira mtunda wautali ndi zigubu pamutu. Sanadandaule kwambiri.

“Matimu ya ku Kitwe yakayamba kubwela,” ankatero mayi wa zitumbuwa, “nizagulitsa pa geti mpaka mafuta yasile.”

Pakhonde la atelala mkangano wa matauni unapitirira, koma tsopano aliyense akatchula Livingstone kapena Chipata, wina ankawonjeza kuti, “Na Chawama.” Poyamba zinali nthabwala. Pofika nthawi imene geti lachitsulo linaikidwa, tinali titazikhulupirira.

Chilengezo chinabwera Loweruka masana. Tinadzaza khonde mpaka mumsewu. Wolengeza anatchula matauni akutali, ena mwa omwe aja tinkakanganira. Kenako mkulu wina wa ligi anafotokoza kuti Lusaka ili kale ndi matimu okwanira, ndipo kuyambira pachiyambi cholinga chinali kupereka malo ku zigawo zimene zilibe. Ananena ngati chinthu chimene aliyense ankachidziwa. Mpaka lero sindidziwa ngati atcheya anatumiza n'komwe dzina lathu.

Atelala anatseka wailesi n'kubwerera ku buluku limene ankapinda.

Lolemba tinapeza geti lili ndi loko. Atcheya anati ndi chifukwa cha akuba. Tinasewera mumsewu sabata imeneyo, ndi yotsatira, tikuimitsa mpira galimoto ikamadutsa. Anyamata a nsapato zabwino aja anayamba kusowa mmodzimmodzi.

Patatha mwezi atcheya anandiitanitsa m'mawa. Ananditsegulira geti okha. Pakati pabwalo panali thumba la laimu, weniweni wa m'sitolo, woyera kuposa phulusa lililonse limene ndinagwirapo, ndi chingwe chatsopano. Ndinaganiza kuti kukubwera masewera.

Anandipatsa pepala lojambulidwa ndi pensulo. Linali bwalo lathu, logawidwa m'timabokosi, kanjira kakang'ono pakati.

“Ni mapuloti,” anatero. “Ligi yatikana, manje malo yazankala chabe? Bantu bafuna pogona. Nifuna mizere yoongoka, ija yako. Bena aba bazanionongela.”

Anandilankhula mwaulemu, ananditchula mwana wawo. Ndinaima ndi pepalalo m'manja. Mawu okana ndinali nawo, koma sindinaphunzirepo kuwatulutsa pamaso pa munthu wamkulu. Ndinafunsa kuti ndiyambire mbali iti.

Ndinakhoma zikhomo, ndinakoka chingwe, ndinathira laimu. Mzere woyamba unadutsa pamene goloboyi wathu ankaima. Dzuwa likamafika pamutu anthu anali ataunjikana pageti, ana atakwera pachipupa chimene makolo awo anamanga. Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa.

Nditafika kufupi ndi geti ndinamva mawu a atelala. Anali atasiya shopu yosatseka, tepi yoyezera ili m'khosi.

“Mwana wanga.”

Ndinavula chipewa, ndinanjuta, laimu ali mbuu m'manja.

“Usandinjutire. Imirira. Unati wawerenga.”

“Ndinawerenga, bambo.”

“Dzina lija unaliona?”

“Ndinaliona.”

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wayeza nsalu n'kupeza kuti ndi yoperewera monga ankaganizira. “Ine ndinabweretsa anthu asanu ndi mmodzi,” anatero. Anatembenuka n'kuwoloka msewu.

Anthu anapita ku ofesi ya malo, gulu lonse, amalume ali patsogolo. Kumeneko anawatulutsira kalata ija. Aliyense anapeza dzina lake, kapena chala chake, m'mizere yaukhondo imene ndinajambula ndi rula kuti pepala lioneke bwino. Anabwerako madzulo. Amalume sanandikalipire. Anapinda ovolosi n'kuiika pansi pa bedi, ndipo kwa masiku ambiri ankandilankhula kudzera mwa azakhali.

Lachisanu lina ndikudutsa pakona, mayi wa zitumbuwa anandiona. Anatenga chitini chimene ankandisungira phulusa, anayenda mpaka pakati pa msewu, n'kulikhuthula patsogolo panga. Linali losefa.

Atcheya anandipezera ntchito yolemba ndalama zolowa pa minibasi yawo. Ndinaigwira miyezi itatu, ndikuwathokoza m'mawa uliwonse, kenako ndinasamukira ku Marapodi, komboni ina, kumene kunalibe wondidziwa. Mpira sindinasewerenso. Matimu a m'matauni aja ndinkawamva pawailesi, ena anakhalitsa, ena anagwa chaka chomwecho, ndipo sindinkasamala.

Anthu kuntchito amanditamabe kuti ndine waulemu.

Chaka chatha ndinapita ku Chawama kumaliro a azakhali. Shopu ya atelala tsopano ndi yogulitsa mafoni. Chipupa cha amalume chilipobe mbali imodzi, sichinapendame. Mkati mwake muli nyumba zothithikana, ndipo amayi akuzungulirabe ndi zigubu. M'dera lonselo nyumba zimakhota mmene zafunira, koma za pabwalo lija zili pamzere woongoka, kuyambira pageti mpaka kumapeto. Mwana wa amalume, amene anabadwa bwalo litapita kale, anandifunsa chimene ndinkayang'ana. Ndinamuuza kuti palibe, tiyeni tingachedwe kumanda.