Chingwe cha M'chiuno pa Wovwe

Mayeso a Fomu 4 anandigwetsa moti phokoso lake linamveka mpaka ku Songwe. Mayi anatopa nane. Ndiye msuweni wanga wa kabaza pa Uliwa atandiuza kuti a Kayira akufuna mnyamata wodziwa madzi, ndinathamanga osasamba n'komwe. A Kayirawo amatenga azungu okonda kusewera ndi imfa kupita nawo kumtunda kwa mtsinje wa Wovwe, kumapiri. Atandifunsa ngati ndimasambira, ndinati ine wa pa Ngara ndinabadwira m'bwato, azamba anga anali usipa. Anati yewo, ubwere mawa.

Timabwato tawo amati kayaki: kapulasitiki ngati beseni, munthu mmodzi amadzitsekeramo mpaka m'chiuno, nkhafi yake ya mitu iwiri. Ine sanandikweze. Anandipatsa chisoti, jekete yoyandamitsa ndi kathumba kodzaza chingwe. Ntchito yanga inali kuima pamwala kunsi kwa mafunde oipa. Munthu akagubuduzika n'kutuluka m'kayaki, ndigwire nsonga ya chingwe, ndimuponyere kathumbako, ndikhale pansi, mapazi ndiponde mwala, madzi okha amukankhire kugombe. A Kayira anati chingwe chigwiridwe ndi manja basi. Ndinavomera, koma mumtima ndinkaseka. Kwathu pokoka khoka chingwe timazenga m'chiuno, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti mphamvu ili m'chiuno.

Tsiku lakelo mvula inali itagwa kumapiri, mtsinje uli bii ngati tiyi wopanda mkaka, ukulira ngati malole chikwi. Anandiimika pamwamba pa mathithi aatali oti mwala ukagwamo umafika mawa. Ndinayang'ana mzungu wathu Piti, bambo wamkulu ngati nkhokwe, ndinayang'ana timanja tangati, n'kumanga chingwe m'chiuno. Mfundo ya asodzi, yosamasuka.

Piti anagubuduzikadi. Ndinaona kayaki chadodolido, kenako chisoti chikutumphuka. Ndinaponya, ndipo kuponya kwake kunali kokongola, anthu akanajambula. Anagwira. Pomwepo ndinauluka.

Madzi aja anali ozizira ngati a m'firiji ya kumochale. Ndinamenya mwala ndi bondo, wina ndi nthiti, ndinamwa theka la mtsinje. Kenako chingwe chinakodwa pakati pa miyala iwiri. Piti analendewera mbali ina, mutu uli panja. Ine mbali inayo, chingwe chikundikokera pansi, madzi akundidutsa pamutu. Ndinakanda mfundo ija ndi zikhadabo, koma inali itauma ngati chitsulo. Ndikatulutsa mphuno pang'ono ndimve mathithi, kenako mdima. Ndinaitana mayi, ndinaitana Yesu, ndinaitana ngakhale aphunzitsi a masamu.

Pajekete panali kampeni. Ndinakasolola, koma dzanja linaima. Ndikadula, Piti apita kumathithi. Ndikapanda kudula, ndifera pano ngati mbuzi yomangidwa. Ndinatulutsanso mutu, ndipo ndinaona kayaki yofiira ya a Kayira ikudula madzi, Piti akugwira kumchira kwake.

"Dumula, iwe! Dula!" anafuula a Kayira.

Ndinadula. Madzi ananditaya pamchenga wa kutsidya ngati chikwama cha zinyalala. Ndinasanza mtsinje wonse, nkhanu zokha ndiye sizinatuluke.

A Kayira atafika sanakuwe. Anagwira kachidutswa ka chingwe kamene kanali m'chiuno mwanga.

"Mayi ako ndikanakawauza chiyani? Kuti mwana wanu anadzimanga yekha?"

Ndinafuna kunena kuti Piti ndi amene ananenepa mopitirira, koma mano ankangogundana. Piti yekha anandisisita pamsana n'kunena pole, ndiye kuti pepa, mawu okhawo a kuno amene ankawadziwa.

Sanandichotse ntchito. Chipsera cha chingwe chinandizungulira ngati lamba, ndipo atsikana a pa Uliwa ndimawauza kuti inali ng'ona. Koma ndikaima pamwala paja, chingwe chimakhala m'manja, osazenga ngakhale pachala. Mtsinje ukakoka kuposa ine, ndimatsegula zala, n'kuthamangira kumwala wakunsi ndi kathumba kena.