Mwezi umene ndinkayenda chammbuyo

Anandichotsa sukulu ndili kalasi yachitatu, mwezi womwe bambo anamwalira. Malume anati buku silidyedwa, nandisenzetsa chinangwa chouma kuti ndiziwoloka nacho malire kukagulitsa ku Muloza. Palibe anandifunsa. Kuyambira pamenepo ndinkadana ndi mwana aliyense wonyamula kope.

Pa akuluakulu a nthawi ija, amene ndimawakumbukira osatukwana ndi amodzi okha, a Fabiyau, okonza njinga, omwe nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Ndikawaganizira ndimamva fungo la girisi wosakanikirana ndi utsi wa fodya wopichira m'pepala la chimanga, ndiponso kulira kwa timatayala pa simenti, kokhala ngati mvula ikubwera kuchokera kuphiri.

Nthawi ya Apwitikizi ankagwira ntchito ku Kelimane, pabwalo la hokei, masewera omenya kampira kolimba ndi ndodo zopindika, anthu atavala mapatini, nsapato za matayala anayi. Anayamba ndi kupaka mafuta mapatini a azungu. Tsiku lina wosewera wina atathyoka mkono anawalowetsa kuti angokwanira, ndipo anakhalitsa akutchinga kumbuyo mpaka mano awiri akutsogolo anatsala komweko. Ufulu utabwera anabwerera ku Milanje ndi mapeyala atatu a mapatini m'saka.

Ankatiphunzitsa masana pasimenti ya nyumba yakale yosungiramo tiyi, yomwe denga lake linasasuka. Ndodo tinkasema tokha za mtengo wa gwafa. Mapatini ankatikulira, ndiye tinkapakira masanza kuzala, n'kumasinthana. Kwa ine malo aja anali okhawo kumene sankafunsa ngati umadziwa kulemba dzina lako.

Koma Zeka, mwana wa aphunzitsi, anafunsa.

"Iwe Tomasi, zigoli zakwana zingati? Kapena tikuwerengere ndi zidutswa za chinangwa?"

Ndinamumenya ndodo pamsongolo mpaka anakhala pansi. A Fabiyau sanakalipe. Anandilanda ndodo, naipachika pamwamba pa khoma.

"Bambo, ndiye wayamba."

"Ndamva. Makutu ndili nawo, mano okha ndiye ndilibe. Mwezi uno uziyenda chammbuyo, wopanda ndodo. Ukatembenuka kapena kukhudza munthu, usadzapondenso pano."

"Ndiye ndizisewera chiyani?"

"Akusewera ndani? Ukuphunzira."

Ndinagwa chagada kosawerengeka. Anzanga ankanditcha nkhanu. Madzulo amayi ankandithowa chigongono ndi madzi amchere, akung'ung'udza kuti mkulu uja wapenga. A Fabiyau ankabwera kutsogolo kwanga ndi kampira, mwendo wawo wolumala ukukwakwaza, ine ndikubwerera.

"Ukuyang'ana kuti?"

"Mpira, bambo."

"Mpira ndi wabodza. Maso ndi abodza, pakamwa ndiye usanene. Yang'ana mchombo. Munthu sapita kumene mchombo wake sukupita."

Anandiuza kuti ku Kelimane anthu oonerera ankawaitana mayina amene sakanawabwereza pamaso pa mwana. Anati akanayankha kamodzi kokha akanabwerera ku botolo la mafuta, ndipo otukwanawo ankafuna zomwezo.

Mwezi utatha sanandibwezere ndodo. Anapatsa Zeka kampira, naika zitini ziwiri kumbuyo kwanga ngati golo.

"Akadutsa, wapita kwanu. Ukamukhudza, wapitanso kwanu."

Zeka anabwera mothamanga, pakamwa pali ntchito. Ananena za chinangwa, za kabudula wanga wong'ambika, kenako ananena kuti bambo anga anafa osadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Manja anga anafumbata okha. Koma malaya a Zeka anali opanda mabatani awiri apansi, ndipo mchombo unkaoneka bwinobwino, wotuluka ngati nsonga ya papaya. Ndinaukakamira ndi maso. Kampira kanapita kumanja, mchombo unatsala kumanzere, inenso ndinatsala. Ndinabwerera pang'onopang'ono, ndikumutsekera pakati, mpaka simenti inamuthera. Matayala ake analowa m'maudzu, iye nagwera m'chitedze.

Anzanga anaseka mpaka kugona pansi. A Fabiyau anangotsitsa ndodo yanga, naipukuta ndi malaya awo.

"Kampezere mnzako phulusa adzipake, akuyabwidwa."

Ndinapita, ngakhale sindinafulumire.

Sindinakhale katswiri. Kuno kulibe timu, ndipo chinangwa ndikusenzabe. Mtima wanga sunasinthe kwenikweni, malume ndimawapatsa moni wa pakamwa pokha. Koma a Fabiyau miyendo itawakanika anandiitana n'kundipatsa saka lija. Mwatsala peyala imodzi ndi theka. Loweruka lililonse ndimasesa simenti, ana asanu ndi awiri amabwera, ndipo pali kamtsikana kena, kamlongo kake ka Zeka, kaukali kuposa ine. Sabata yatha kanaluma mnzake. Ndakalanda ndodo, ndipo dzulo kanayenda chammbuyo kuchokera kukhoma mpaka kukhoma, osagwa.