Mabuku Awiri m'Dengu la Mayi Conceição

Mayi Conceição, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira ku Angonia, m'dziko la Apwitikizi. Bambo awo, a Cornélio, ankaphunzitsa katekisimu, ndipo anawaphunzitsa kuwerenga polemba ndi chala padothi.

Atakwatiwa ndi a Augusto, anabwera nawo kuno ku Salisbury, kumene mwamunayo ankaphikira mzungu. Mayiwa ankagulitsa tomato ndi repu pa Musika, msika waukulu wa mumzinda muno. Ana awo awiri anamwalira ali makanda, ndipo chaka chimene Chitaganya chinayamba, a Augusto nawonso anatsikira kulichete. Chimene chinawatsalira mayiwa ndi gulu la amayi la parishi yathu, ndi bulauzi yoyera ya gululo imene ankaisita Lachinayi lililonse.

Ntchito yawo m'gulumo inali kuyendera matchona odwala m'mahositelo, amuna a ku Nyasalande ndi ku Tete amene njira yakwawo inamera udzu. Ankawawerengera kabuku ka Chishona ka mawu a Lamulungu, kokhako kamene tinali nako. Odwalawo ankangogwedeza mutu mwaulemu, ngati akumva wailesi ya kunyumba kwa eni. Mnansi wa Mayi Conceição, Mayi Iris a mpingo wa Adachi, atamva zimenezi anawapatsa Baibulo la Chinyanja. Kuyambira pamenepo m'dengu mwawo munkakhala mabuku awiri, ndipo asanatsegule lililonse ankafunsa wodwalayo kuti, "Kodi mayi anu ankakukalipirani m'chinenero chanji?"

Nkhani inafika kwa Mai Chiweshe, mtsogoleri wa gulu, mayi wokonda mpingo ndi mtima wonse.

"Aiwa, Mai Konsi," anatero kwa Mayi Conceição pamaso pa onse, akuyamba ndi ayi wa Chishona. "Buku ilo ndi la mpingo wina. Sankhani, buku kapena bulauzi."

Masiku amenewo a Custodio, nkhalamba youmba njerwa, anali gone ndi chifuwa chachikulu. Anakana wansembe kawiri, nkhope atalozetsa kukhoma. "Mulungu wa kuno amalankhula Chishona," ankatero. "Ine sandidziwa."

Mayi Conceição anaichapa bulauzi ija, kuipinda bwino, n'kukaipereka kwa Mai Chiweshe ndi manja awiri. Kenako ananyamula dengu, ulendo kwa a Custodio, n'kuwafunsa funso lawo lija.

"M'Chinyanja," anayankha mkuluyo osatembenuka. "Chipande chili m'manja."

Anawawerengera za mwana amene anachoka kwawo n'kubwerera ali nsanza zokhazokha. Kenako bedi linalira, a Custodio akutembenuka.

"Mayi, bwerezani pamene bambo wa mwanayo akumuthamangirapo."

Anabwereza katatu. Kachitatuko mkuluyo anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Kawaitaneni ansembe aja."

A Custodio analapa, ndipo anamwalira sabata yomweyo. Wansembe analitenga Baibulo lija, nakhala nalo masiku angapo, kenako analibweza n'kunena kuti, "Werengani, mayi. Mukapeza povuta, tidzathandizane." Koma Mai Chiweshe mawu anali atawatulutsa pagulu, ndipo kuwameza kunawavuta. Zaka zinayi Mayi Conceição ankakhala pa benchi la kumbuyo m'tchalitchi atafunda chitenje, osadandaula, osanena mnzawo. Wina akawafunsa kuti buku loona ndi liti pa awiriwo, ankayankha kuti, "Madzi ndi amodzi, mwanawe. Koma wodwala amamwera chikho chimene milomo yake inazolowera." Kwa Mshona ankatsegula la Chishona, ndipo sankalola munthu kulinyoza.

Miyendo itayamba kutupa chaka chino, anasiya kupita ku Musika. Lachinayi lina masana Mai Chiweshe analowa m'chipinda chawo, bulauzi yosita ili pamkono. Anawaveka okha, n'kukhala pamphasa, n'kukoka dengu lija.

"Nhai, Mai Konsi," anatero, "mayi anu ankakukalipirani m'chinenero chanji?"

"Inu mukudziwa, mnzanga."

Mai Chiweshe anatsegula la Chinyanja, nayamba kuwerenga nkhani ija ya mwana wochoka kwawo mothamanga, akupunthwa pa mawu achilendo.

"Pang'onopang'ono," ananong'ona Mayi Conceição akumwetulira. "Si basi ya ku Mabvuku iyi."

Mai Chiweshe anaseka misozi ili mbwee, n'kuyambiranso modekha. Pofika pamene bambo uja akuthamangira mwana wake, Mayi Conceição anali atapita.

Dengu lija lili m'manja mwa gulu la amayi. Akapita kwa odwala amanyamula mabuku onse awiri, ndipo amayamba afunsa funso lija. Mzimu wa Mayi Conceição uwuse mumtendere.