Mudzi wathu uli pawiri pa mapu, Malume

Malemu Malume, ndalemba kukudziwitsani kuti lero chakwana chaka chitisiyireni. Ndakumbukira tsiku lija tikuchokera ku Nsaru, pamene munaima n'kuloza tsidya la dambo, n'kunena kuti, "Amayi anga agona uko, pabwinja la mudzi wathu. Udzawamangire chiliza, wamva?" Ine ndinavomera osayang'anitsitsa, poti ndinali nditagwirira njinga.

Tsopano aphunzitsi ena a kumpingo andionetsa mapu akale a boma. Dzina la mudzi wathu lalembedwa pawiri tsidya lomwelo, kumtunda ndi kumunsi kwa dambo. Akuti kale mudzi ukasamuka unkapita nalo dzina. Ndafikako konse, ndipo konse kuli manda. Kodi munkaloza kuti, Malume? Simenti ndagula kale, koma ndikuopa kumangira amayi a eni ake.